Sola Yotentha Thupi

Sola ija inafika kwathu mwezi wozizira, nandolo atangoyamba maluwa. Inali yopyapyala ndi yopepuka moti ndinkainyamula ndi dzanja limodzi, lina nditagwira mwana. Kukula kwake kunali ngati lichero lalikulu, koma yamakona anayi. Inali yakuda bii, koma ukaipendeketsa padzuwa inkaoneka yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Anabwera nayo ndi mayi wina wa ku sukulu yaukachenjede, wamtali, wovala nsapato zachimuna. Chichewa chawo chinali cha kumtunda, chija chotchula mawu aliwonse mpaka kumapeto, osati chathu cha kwa Nazombe chimene chimapendekera ku Chilomwe. Anatikhazika azimayi a nyumba zisanu pansi pa mango wa achemwali anga, n'kutiuza kuti masola amene timawaona pa madenga a masitolo ndi olimba, koma kupanga kwake n'kovuta, n'chifukwa chake anthu ngati ife timangowayang'ana. Awa atsopanowa, anatero, amachita kupaka mankhwala pa galasi ngati penti, ndipo tsiku lina akhoza kudzafika pa nyumba iliyonse. Mankhwalawo dzina lake ndi perovusikaiti.

"Pero ndani?" anafunsa achemwali.

"Perovusikaiti."

"Ameneyo ndi wa ku Mozambiki, dzina lakelo. Mwina ndi mbale wathu."

Tinaseka tonse, ndi mayi aja omwe. Kenako anati vuto la masola amenewa n'lakuti sakhalitsa. Kutentha kumawafooketsa, mvulanso sagwirizana nayo. Iwo ndi anzawo ankafuna kuona kuti kuno kwathu akhala bwanji, kuti adziwe pokonza.

"Ndiye tikukubwerekani, sitikukupatsani. Fumbi muzipukuta. Mvula ikamabwera muzilowetsa m'nyumba. Mukaona kuti yasweka kapena ikuchita chikasu, muiike patali ndi ana, mundiuze. Mkatimu muli mtovu pang'ono. Yoteroyo timaitenga."

Analankhula zambiri tsiku limenelo, koma mawu amene tonse tinapita nawo kunyumba anali omalizawo: timaitenga.

Ndinene chifukwa chake kwa ine mawuwo anali olemera. Abambo a mwana wanga ali ku Joni, amagwira ntchito m'munda wa zipatso. Anachoka mwana ali ndi miyezi inayi, ndipo pamene sola inkabwera n'kuti mwanayo akuyandikira zaka zitatu. Nkhope ya abambo ake sankaidziwa. Ankadziwa mawu okha, a Lamulungu masana, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene iwo amapuma n'kukwera pa kamtunda pamene pamagwira netiweki. Sola isanabwere, foni ndinkakatchajitsa ku msika, kutsidya la mtsinje, ulendo wotha theka la tsiku. Batire la foni yanga ndi lokalamba, silisunga moto masiku atatu. Ndikatchajitsa Lachisanu, pofika Lamulungu inkazima abambo ake ali pakati pa kufunsa za mbuzi. Malamulungu ambiri ankangodutsa.

Sola itabwera, Lamulungu lililonse linakhala lathu. Mwana anayamba kusunga nkhani za sabata yonse. Nkhuku ikaswa, ankati akawauza ababa. Ndikamukalipira, ankati akandinenera.

Denga langa ndi laudzu, choncho sola ndinkaiika pa thandala, pambali pa mbale, itayedzamira chidutswa cha njerwa kuti iyang'ane dzuwa. Inali ndi chingwe chopita ku kabokosi, ndipo foni inkalumikizidwa ku kabokosiko. Pa kabokosi panali timagetsi tinayi tobiriwira. Dzuwa likakhala labwino tinkayaka tonse. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, za manambala a magetsi sindizidziwa, koma timagetsi tinayi ndi mthunzi wa nkhokwe zinkandikwanira. Ndikalumikiza foni mthunziwo uli pa mtondo, inkadzaza mthunzi usanabwerere pansi pa nkhokwe.

Miyezi yozizira inayenda choncho. Koma dzuwa la Okutobala litafika, lija loti ngakhale makaka a chinangwa oyanikidwa pa mwala amauma tsiku limodzi, ndinaona kusintha. M'mawa timagetsi tinkayaka tonse tinayi. Dzuwa likafika paliwombo, pamene ine ndinkaganiza kuti sola ikhuta, tinkatsala tiwiri. Mawa lake m'mawa tinayi tabwerera, ngati munthu amene wagona bwino. Ndinaziyang'ana zimenezi masiku ambiri ndisanachite kanthu. Sindine munthu wofulumira.

Tsiku lina masana ndinaika chikhatho pa galasi lake ndipo ndinachichotsa msanga. Inali yotentha kuposa chipumi cha mwana wa malungo. Pomwepo ndinakumbukira zimene amatiphunzitsa ku sikelo: mwana akatentha thupi, m'vuleni, m'pukuteni ndi kansalu konyowa. Mayi aja anali atanena okha kuti kutentha kumaifooketsa. Za mvula ananenanso, inde, koma ndinati kansalu si mvula. Ndinaviika thewera lakale m'madzi a mumtsuko, ozizira bwino, n'kupukuta galasi lonse, kutsogolo ndi kumbuyo.

Kagetsi kachitatu kanayaka.

Sindikudziwa ngati ndinasangalalapo choncho ndi nzeru yanga. Ndinaima pa thandala ndekha ndikumwetulira ngati wamisala. Kuyambira tsiku limenelo, masana aliwonse ndinkaipukuta kawiri, katatu. Ndipo popeza chinthu chabwino sumabisira anzako, ndinakawauza achemwali, achemwali n'kukauza ena atatu aja ku mjigo. Achemwali sachita chinthu mwatheka. Iwo anati kansalu n'kochedwetsa, ankangotunga chikho n'kukhuthulira.

Mayi a masola, monga tinkawatchulira, ankabwera pafupifupi mwezi uliwonse. Tikamva kuti akubwera tinkasesa bwalo, kuzira khonde, kuvala chitenje chabwino. Ankakhala pa mphasa, kulandira madzi, kenako n'kufunsa:

"Sola ikuyenda bwanji, mayi?"

"Bwinobwino, amayi. Tikuthokoza kwambiri."

Nyumba zonse zisanu yankho linali lomwelo. Sikuti tinkapangana. Kwathu munthu akakubwereka khasu sumubwezera n'kunena kuti khasu lanu ndi lobuntha. Mlendo akakufunsa kuti wadzuka bwanji, sumuyalira matenda ako pakhomo. Amayi anga, sabata imene anamwalira, ankayankhabe obwera kudzawazonda kuti adzukako bwino. Umo ndi mmene tinaleredwera, ndipo mpaka lero sindinena kuti n'zoipa. Zimasunga anthu. Mayi aja ankalumikiza kompyuta yawo ku kabokosi, kuyang'ana nthawi yaitali, kukwinya pamphumi, kenako n'kutsanzika mwaulemu.

Chikasu ndinachiona mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa phiri. Chinali pa kona ya m'munsi, pamene madzi ankatsetserekera. Kadontho kakang'ono, mtundu wa tsamba la chimanga chosowa feteleza. Ndinakanda ndi chikhadabo, koma sichinali kunja, chinali mkati mwa galasi. Patapita sabata chinali chitatalika ngati chala, chikukwera m'mphepete. Ndipo timagetsi tinayi sitinabwererenso, ngakhale m'mawa. Foni inkadzaza mthunzi wa nkhokwe utawolokera kale mbali inayo.

Ndinasiya kupukuta. Ndinakweza sola pamwamba, pamene mwana sangafike. Kenako ndinapita kwa achemwali.

Anandilowetsa m'nyumba, n'kutulutsa yawo kuseri kwa thumba la chimanga. Theka lonse linali lachikasu.

"Yanga inasiya kalekale," anatero. "Kagetsi kamodzi, nakonso kochita kupempha."

"Ndiye tiwauza chiyani?"

"Kuwauza? Iwe, unabadwa liti? Taona."

Anatenga kachitini ka polishi wakuda, wa nsapato za kutchalitchi za alamu anga, n'kupaka ndi chala pa galasi. Chikasu chinasowa. Ukaima patali sukanadziwa.

"Koma sikugwira ntchito, achemwali. Mukuisungiranji?"

"Ikhale pompano. Anthu aziona kuti pakhomo pano pali sola. Ukufuna ndituluke nayo pamaso pa mudzi wonse ngati mbuzi yolanda? Ndiponso amene anatiphunzitsa kusambitsa masola ndani? Ukayamba kulankhula, uyambire pamenepo."

Anandipatsa kachitiniko ndipo ndinakalandira.

Yanga inali isanafe. Inkachedwa, koma pofika Lamulungu masana foni inkakhala yodzaza. Ndinawerengera m'mutu: mvula yatsala pang'ono, mtsinje ukadzaza ku msika sikupitika, makamaka ndi mwana kumsana. Sola yofooka ikanatha kutidutsitsa dzinja. Popanda sola, dzinja lonse likanakhala lachete.

Lamulungu limenelo ndinawauza abambo ake, mwana atamaliza kuwaimbira nyimbo ya ku Sande sukulu.

"Mwati munkaisambitsa?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Amayi ake, sopo munkapakanso? Mafuta odzola?"

"Musaseke. Akaiona aitenga."

Kuseka kunatha. Ndinamva mphepo ya pa kamtunda kawo kaja.

"Ndiye ine ndiziyimbira ndani? Mwanayu wangoyamba kumene kundizolowera. Polishiyo ndi woipa kodi? Kungodutsa mvula yokhayi basi."

Mwana anali akukoka chitenje changa kuti waiwala kuwauza za chule.

M'mawa wa tsiku limene mayi a masola ankabwera, ndinapaka polishi. Ndikulemba zoona, ndinapaka. Ndinapaka mosamala kuposa achemwali, ndi kansalu, n'kupukuta mpaka kuwala. Ndinaibweza pa thandala, ndinasesa, ndinayala mphasa.

Anayambira nyumba yanga chifukwa ndi yoyamba kuchokera ku msewu. Ankaoneka otopa, nsapato zawo zili matope okhaokha. Mvula yoyamba inali itagwa dzana lake.

"Sola ikuyenda bwanji, mayi?"

"Bwinobwino, amayi."

Analumikiza kompyuta. Anayang'ana. Kenako anaitseka, n'kuika manja awo pamwamba pake, n'kulankhula osandiyang'ana, ngati akulankhula ndi mphasa.

"Kabokosi aka kakundiuza kuti sola ikudwala. Nyumba zonse zisanu, kuyambira mu Okutobala. Inu nonse mukuti ili bwino. Kabokosi kamangondiuza kuti mphamvu yatsika, sikandiuza chimene chachitika. Anzanga kuntchito akuti mwina ndinalumikiza molakwika ndine. Mwina n'zoona."

Mawu akuti "ikudwala" ndi amene anandigwira. Mwana wanga ali ndi chaka chimodzi anatsegula m'mimba masiku atatu, maso n'kulowa. Nditafika naye ku chipatala, anamwino anandifunsa kuti mwana ali bwanji, ine pakamwa panga panatuluka zimene pamatuluka nthawi zonse: aliko bwino pang'ono. Anamwinowo anaika cholembera pansi n'kuti, "Ndiye mwabwera naye kudzatani? Kuno si kumalonje. Ndiuzeni wachita kangati, zamtundu wanji." Ndinachita manyazi, koma ndinanena zonse, ndipo mwana anachira. Ndinatuluka m'chipinda chija nditadziwa kuti funso limodzi lomwelo limakhala pawiri. Pali pamene munthu akukupatsa moni, pali pamene akufuna kudziwa.

Miyezi yonseyi mayi aja ndinkawalandira ngati mlendo wa malonje. Tsiku limenelo ndinawayang'ana, matope ku nsapato, ulendo wonse uja, ndipo ndinaona kuti sanabwere kudzamva kuti tikuthokoza.

Sindinganene kuti ndinaiwala za Lamulungu. Ndinkaziganiza ndikuimirira, ndinkaziganizabe ndikutsitsa sola pa thandala. Ndinaigoneka pa mphasa patsogolo pawo, ndinatenga chisanza n'kuyamba kuchotsa polishi. Anachoka movuta. Chikasu chinatuluka pang'onopang'ono, ndipo chinali chitakula kuposa mmene ndinachisiyira.

Ndinkadikira kukalipiridwa.

"Chinayamba liti?"

Ndinawauza. Ndinawauza za masana a timagetsi tiwiri ndi m'mawa wa tinayi, za chikhatho changa pa galasi, za thewera ndi madzi a mumtsuko. Anatulutsa kope n'kuyamba kulemba mofulumira.

"Dikirani. Mukapukuta, kagetsi kachitatu kankayakadi?"

"Nthawi zonse."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Yoti n'kutsuka mbale za anthu awiri. Kenako kankazimanso."

"Ndipo m'mawa inkabwerera mphamvu yokha, musanaikhudze?"

"Poyamba, ee. Chikasu chitabwera inasiya."

Anandiuza kuti ndiwasonyeze mmene ndinkachitira, ndi kansalu kouma. Ndinawasonyeza, manyazi ali tho. Anayang'ana mbali imene dzanja langa linkathera, n'kuyang'ana kona yachikasu ija, n'kugwedeza mutu.

"Mayi, simunaganize molakwika," anatero. "Sola ikazizira imagwiradi bwino. Kungoti galasi lotentha likakumana ndi madzi ozizira limakokana, ndiye guluu wa m'mphepeteyu amatakasuka pang'onopang'ono. Chinyontho chikapeza kanjira, chimalowa n'kuwononga mankhwala aja. Ife kuntchito timaziyesa m'mabokosi otentha, timaziyesa ndi nthunzi. Koma kutentha ndi kuzizira kotsatizana choncho, katatu pa tsiku, padzuwa la kuno, sitinakuganizire mokwanira. Mvula ya masana yogwa mwadzidzidzi ikanachita zomwezi. Inu mwangofulumizitsa."

Kenako nkhope yawo inasintha. Anafunsa ngati mwana anaikhudzapo, ngati galasi linang'alukapo, ndiponso kumene madzi opukutira ankadonthera. Anagwada pansi pa thandala langa, pamene nkhuku zimapalasa, n'kutapa dothi m'kabotolo. Anandiuza kuti ndisambe m'manja ndi sopo, chisanza chija n'kuchiika m'pepala lapulasitiki.

Apa m'pamene ndinapempha. Sindinkafuna kupempha, koma zinatuluka.

"Amayi, musaitenge. Ikugwirabe. Ndiziika pamwamba. Ingodutsa mvula yokhayi."

Ndinawauza za abambo ake ndi za mtsinje. Anamvetsera zonse, mwana ali pambali akusewera ndi chingwe cha nsapato yawo.

"Sindingaisiye," anatero. "Pamene madzi alowera, zinthu zikhozanso kutulukira. Ndiponso ndikufuna ndikaitsegule, ndikaone njira imene madzi anadzera."

"Ina ibwera liti?"

"Sindikudziwa. Ndikanakonda kukuuzani tsiku, koma ndinama."

Anaikulunga m'chikwama chake. Sanandifunse za nyumba zina, nanenso sindinatchule munthu. Koma anali ataona polishi. Kwa achemwali anangopereka moni, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa sola, chala n'kubwerako chakuda. Pofika madzulo masola onse asanu anali m'galimoto.

Achemwali anabwera dzuwa lisanalowe, n'kuima pabwalo, osalowa.

"Wakhuta? Pakamwa pakopo papepuka?"

"Yanu inali itafa kale, achemwali."

"Inafa ili kwanga! Maliro anga ndimalira ndekha. Iwe unatiphunzitsa kusambitsa, iwenso n'kukatiyalutsa. Ndiwe mfiti ndi sing'anga yemwe."

Ku mjigo zinali chimodzimodzi, kungoti kumeneko ankachita moseka. Ndikafika ndi ndowa wina ankati, "Patukaniko, adokotala a masola afika." Wina ankandibweretsera wailesi yake kuti yatentha thupi, ndiiyeze. Ndinkaseka nawo. Kukwiya ndi anthu amene umatunga nawo madzi tsiku lililonse n'kudzivutitsa.

Ndiye mvula inabwera yeniyeni. Madzi otsika m'phiri safunsa, mtsinje unadzaza mpaka kumiza miyala imene timawolokerapo. Foni inazima Lachitatu. Ndinali nditatumiza uthenga kwa abambo ake kuti sola yapita, ndipo yankho lawo linali lalifupi: "Chabwino." Ndimawadziwa. Chabwino chawo chachifupi si chabwino.

Lamulungu loyamba mwana anatenga foni yozima n'kukakhala nayo pa khonde. Anaiuza za chule, za ndowa imene inathawa ndi madzi. Anadikira, kenako anabwera kudzandiuza kuti ababa agona. Lamulungu lachiwiri anachitanso chimodzimodzi, koma mwachidule. Lamulungu lachitatu anafunsa kamodzi. Lamulungu lachinayi sanafunse. Nkhuku inaswa anapiye asanu ndi awiri sabata imeneyo ndipo sananene kuti akauza aliyense. Ndinkapalira chimanga ndikuganiza zimenezi. Kulira kwake ndikanakupirira. Chimene chinkandidya n'chakuti sankalira.

Masiku amenewo ndinadzifunsa kambirimbiri ngati ndinachita bwino. Yankho losavuta sindinalipeze, ndipo mpaka pano ndilibe. Pamene ndikulemba izi pa thandala langa pali sola ina, imene mayi aja anabwera nayo titakolola. M'mphepete mwake ndi mokhuthala, mwa labala wakuda ngati wa tayala, ndipo kumbuyo kuli timiyendo toti mphepo izidutsa pansi. Anandiuza kuti dothi lija analiyeza ndipo silinawadetse nkhawa. Iyinso imafooka masana a Okutobala, koma pang'ono, ndipo akabwera ndimawauza zonse mpaka tiyi wawo amazizira. Koma nthawi ya mvula ija sindinkadziwa kuti idzabwera. Ndinkangodziwa kuti kwinakwake kuli anthu amene akutsegula sola yanga kuti masola a mawa adzalimbe, ndipo amene akulipira ndi mwana wa zaka zitatu amene sanafunsidwe.

Mtsinje unatsika patatha masabata asanu ndi limodzi. Lamulungu, titatuluka m'tchalitchi, ndinamanga mwana kumsana n'kutenga foni. Pa njira yotsikira ku mtsinje ndinapeza achemwali ataima, foni yawo ili m'manja. Tinali tisanalankhulane bwino kuyambira tsiku lija.

"Madziwo afika m'chiuno," anatero. "Iwe ndi kufupika kwakoko umumiza mwanayo. Bwera naye kuno."

Anamanga mafoni onse awiri mu duku pamutu, mwana n'kumukhazika pa mapewa. Ine ndinkabwera pambuyo nditagwira chitenje chawo. Pakati pa mtsinje anatembenuka n'kuti, "Ukagwa usandisambitse, ine si sola." Ndinadziwa kuti nkhani yatha.

Ku msika amatchajitsa mafoni pa malo ometera tsitsi. Pa denga pali sola yaikulu yakale, yolemera, imene yakhala pamenepo kuyambira ndili mtsikana. Mkati makina ometera ankalira, wailesi ili pamwamba. Ndinadikira pa benchi mpaka foni itapeza moto wokwanira, ndinaflasha, n'kukaima kuseri kwa nyumba pafupi ndi mulu wa njerwa, kumene phokoso linali lochepa.

Abambo ake anayimba nthawi yomweyo. Anali atakwera pa kamtunda kaja Lamulungu lililonse, anandiuza pambuyo pake, ngakhale ankadziwa kuti foni yanga yazima.

"Muli moyo kodi, adokotala?" Achemwali anali atawauza alamu, alamu n'kuuza wina, nkhani n'kufika ku Joni. Koma mawu awo sanali oseka kwenikweni. "Ali pompo?"

Ndinagwada n'kuika foni pa khutu la mwana.

"Mayi wanga, ndine ababa. Wadzuka bwanji?"

Mwana anabisa nkhope m'chitenje changa.

"Lankhula, iwe. Ndi ababa. Uwauze za anapiye aja."

Anakanikiza nkhope kwambiri. Ndinamugwedeza phewa, mwina mwamphamvu kuposa mmene ndinkafunira.

"Amayi ake," anatero abambo ake. Mawuwo ankamveka ang'ono, ochokera pakati pa khutu la mwana ndi chitenje. "Musamukakamize. Ingoisiyani foniyo pamenepo."

Ndinaisiya. Anayamba kulankhula okha, pang'onopang'ono. Anati ku munda kumene amagwira ntchito kwabwera galu wa miyendo itatu, woyera, wakuba. Anati dzulo waba buledi wa kapitawo n'kuthawa, ndipo anthu asanu a miyendo iwiriiwiri alephera kumugwira. Sanamufunse mwana funso lililonse. Ankangonena, n'kupuma, n'kunenanso.

Patapita nthawi ndinawerama n'kunena chapansipansi kuti pepani, sakuyankha.

"Ndikumumva," anatero. "Akupuma. Musiyeni."

Achemwali anasuzumira pa kona n'kubwerera. Bondo langa linayamba kuwawa pa njerwa. Nditati ndiitenge foni kuti nanenso ndilankhuleko pang'ono, mwana anaikanikiza ndi phewa ku khutu lake, nkhope ikadali m'chitenje, n'kukankha dzanja langa.

Ndinakhala pansi pa njerwa zonyowa. Abambo ake anapitiriza za galu uja mpaka mayunitsi awo anatha.